Kugula penshoni yoonjezera ku NHS: kodi n'kwanzeru kwa ife odzabwerera kumudzi?

Naphiri_Leeds

Moni nonse m'gulu muno. Nkhani ya Additional Pension, penshoni yoonjezera ya ku NHS (bungwe la zipatala za boma kuno ku UK), yamveka kwambiri m'mawodi masiku ano. Ena akuti gulani msanga musanakule chifukwa mtengo umakwera ndi zaka, ena akuti kumeneko n'kuponya ndalama m'chitsime chakuya. Tiyeni tiiunike ndi manambala. Titenge namwino wa zaka 45, ali mu sikimu ya penshoni ya NHS ya 2015 ku England, akalipira lendi, mabilu ndi kutumiza kumudzi amatsala ndi £200 pamwezi, ndipo mtima wake uli pa kudzakhala ku Malawi akadzapuma pa ntchito. Aike £200 imeneyi ku Additional Pension kapena kwina? Amene mumadziwa za malipiro ndi za msonkho, bwerani.

Mbewe_Payroll

Zikomo aNaphiri. Ndiyambe ndi chimene munthu akugula, chifukwa ambiri amasokoneza ndi penshoni ya kwathu. Ku Malawi wantchito amadulidwa 5%, bwana amaikapo 10%, ndalamazo zimaunjikana m'thumba la dzina lako ndipo umatha kufunsa kuti zafika zingati. Ku NHS kulibe thumba lotero. Chimene chilipo ndi lonjezo la boma la kukulipira mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lomwalira. Mu sikimu ya 2015, chaka chilichonse umapata 1/54 ya malipiro ako a chaka chimenecho. Wolandira £35,100 ndiye kuti wapata £650 ya penshoni ya pachaka. Zimene wapatazo zimakwezedwa chaka ndi chaka ndi CPI, muyeso wa kukwera mitengo kwa zinthu, kuonjezapo 1.5% nthawi yonse imene ukadali mu sikimu.

Additional Pension ndi kugula lonjezo lomwelo mwapadera. Imagulitsidwa m'magawo a £250 pachaka: £250, £500, £750, kumapita m'mwamba. Malire ake anayambira pa £6,500 mu 2015 ndipo amakwezedwa, choncho chiwerengero cha chaka chino muchione pa tsamba la NHS Pensions. Kalipiridwe kali pawiri. Mutha kupereka ndalama yonse kamodzi, kapena kumadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi kwa zaka zathunthu, kuyambira chaka chimodzi mpaka 20, bola zithe musanafike msinkhu wopumira. Mumasankhanso ngati ikhale yanu nokha kapena ikhudze mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana. Yachiwiriyi ndi yokwererapo mtengo.

Zinthu ziwiri zimene anthu sauzana. Choyamba, pa penshoni yanu ya nthawi zonse bwana amaikapo 23.7% ya malipiro anu, inu mukupereka pakati pa 5.2% ndi 12.5%. Pa Additional Pension bwana saikapo ngakhale tambala, mtengo wonse ndi wanu. Chachiwiri, yoonjezerayi imakwera ndi CPI yokha, ilibe 1.5% ija. Ndiye musaione ngati ikufanana kukoma ndi penshoni yaikulu.

Nachisale

Pamenepo ndiye pofunika. Aliyense amene anatuluka mu sikimu kuti azitenga malipiro ochulukirapo, nkhani ya Additional Pension siyake. Ayambe wabwerera kaye, chifukwa akutaya 23.7% ya bwana mwezi uliwonse. Komanso abale athu ambiri ali m'makeya homu ndi m'maejense, amenewo kawirikawiri sali mu sikimu ya NHS, ali mu penshoni za thumba monga NEST. Zimene tikukamba pano sizikuwakhudza. A ku khonsolo ali ndi yawo, LGPS, imene imapatsa 1/49, aphunzitsi 1/57, ndipo malamulo ogulira yoonjezera ndi osiyana. A ku Scotland funsani ku SPPA, ofesi yoona za penshoni za antchito a boma kumeneko, msonkho wanunso ndi wina.

Wamasamu

Achemwali aNaphiri, funso lanu limayankhidwa ndi samu imodzi: mtengo kugawa ndi penshoni imene mwagula. Pa tsamba la NHS Pensions pali kalikuleta, mumaikamo tsiku lobadwa ndi kuchuluka kwa penshoni imene mukufuna, imakupatsani mtengo. Nambala imene ndigwiritse apa ndi yongoyerekeza kuti muone njira yake, aliyense atenge yake yeniyeni ku kalikuletako.

Tinene kuti £250 ya pachaka yatuluka £3,500 polipira kamodzi. £3,500 kugawa ndi £250 ndi 14. Ndiye kuti muyenera kulandira penshoniyo zaka 14 kuti ndalama yanu ibwerere. Mukayamba kulandira pa 67, mwafika pa ndendende muli ndi zaka 81. Kuyambira pamenepo zonse ndi phindu. Poti penshoniyo imakwera ndi CPI, kukwera mitengo kwa zinthu sikusokoneza samuyi.

Tsopano msonkho. Anthu amanena kuti "koma boma likubwezera 20%". Zoona, £3,500 ija m'thumba mwanu mwatuluka £2,800. Koma penshoniyo ikamadzabwera idzadulidwanso msonkho. State Pension, penshoni ya boma ya okalamba, yathunthu mu 2025/26 inali £230.25 pasabata, pachaka £11,973, pamene ndalama yosadulidwa msonkho imathera pa £12,570. Ndiye State Pension ndi penshoni yaikulu ya NHS zidzakhala zitadya kale malire onsewo, ndipo £250 yanu idzafika m'manja ili £200. £2,800 kugawa ndi £200 ndi 14 yomwe ija. Kwa wolipira 20% lero amene adzalipirenso 20% atapuma, msonkho sunamuthandize kanthu, wangosunthidwa nthawi.

Kwa wolipira 40% nkhani isintha. £3,500 imamutengera £2,100 yokha, adzalandira £200, ndiye zaka ndi 10 ndi theka. Apa mpamene Additional Pension imakoma zenizeni.

Achimwene_aku_Luton

Koma pa 40% pamenepo anthu asamale, ambiri amadziyesa kuti ali m'gululo pamene sali. Msonkho wa 40% umayamba pa £50,270, ndipo amawerengera ndalama imene yatsala atachotsa kale chopereka chanu cha penshoni. Wolandira £55,000 amadulidwa 10.7%, imene ndi £5,885, kutsala £49,115. Ameneyu ndi wa 20%. Chimene chimakankhira anthu athu pamwamba ndi ovataimu ndi mashifiti a banki (mashifiti apadera otseka mipata pakasowa antchito). Ovataimu yopitirira maola a wantchito wa nthawi zonse siilowa mu penshoni koma msonkho imadulidwa. Ndiye tengani P60 yanu, pepala loonetsa malipiro ndi msonkho wa chaka chonse, onani nambala ya malipiro odulidwa msonkho, chotsanipo £50,270. Chotsalacho ndiye chokhacho chimene chingapeze 40%. Ngati chotsala ndi £1,500 ndipo mukupereka £2,400 pachaka, £900 inayo ipeza 20% basi.

Madokotala amene malipiro awo ali pakati pa £100,000 ndi £125,140, kumeneko msonkho weniweni umafika 60% chifukwa malire aja a £12,570 amachotsedwa pang'onopang'ono. Amenewo samu imawakomera kwambiri, koma ali ndi vuto lina la Annual Allowance, malire a mmene penshoni ingakulire pachaka popanda msonkho wapadera.

Naphiri_Leeds

Ndiye kwa namwino wathu wa 20% uja yankho ndi ayi?

Wamasamu

Sindinanene kuti ayi. Ndanena kuti asagule chifukwa cha msonkho. Ngati agula, agule podziwa kuti ndi inshuwalansi ya ukalamba wautali. Munthu amene adzafike zaka 92 adzakhala atalandira zaka 25, ndalama yosatha, yokwera chaka ndi chaka, yosadalira msika. Thumba la SIPP (penshoni yodzisungira wekha) kapena ISA (akaunti yosungira ndalama yosadulidwa msonkho) limatha, ndipo limakonda kuthera pa nthawi imene mwini wake alibenso mphamvu zobwerera ku ntchito.

Gogo_Nasimango

Ana anga, ine nkhawa yanga ili pa msinkhu. Mu sikimu ya 2015 msinkhu wopumira siwokhazikika ngati 60 ya gawo la 1995 kapena 65 ya gawo la 2008 mu sikimu yakale. Umatsatira msinkhu wa State Pension. Unali 66, ukukwera kufika 67 pakati pa 2026 ndi 2028, ndipo lamulo lilipo kale lakuti ufike 68 pakati pa 2044 ndi 2046. Boma likausuntha, Additional Pension imene munagula imasunthira komweko. Mumagula katundu koma tsiku lomulandira lili m'manja mwa wogulitsa.

Tsono ndani wa ife angathe kunyamula odwala ndi kugwira mashifiti a usiku mpaka 67? Msana ndi maondo zimayamba kukana kale kwambiri. Mukapuma msanga penshoni imadulidwa pafupifupi 5% pa chaka chilichonse chimene mwafulumira nacho, ndipo kudulako n'kwa moyo wonse. Yoonjezerayo imadulidwanso chimodzimodzi, ndipo imatuluka pamodzi ndi penshoni yaikulu, simungaitenge payokha kuti ikuthandizeni kuwoloka zaka za pakati. Munthu wofuna kuleka pa 60 chimene akusowa ndi ndalama yodyera kuyambira 60 mpaka 67. Additional Pension siyankha funso limenelo.

Mbewe_Payroll

Agogo anena zoona. Pali njira ina yotchedwa ERRBO imene inapangidwira zimenezi. Mumapereka peresenti yoonjezera pa malipiro kuti mudzapume msanga ndi chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu popanda kudulidwa, koma osatsika pa 65. Wa msinkhu wa 67 angagule zaka ziwiri, wa 68 zitatu. Chimene chimapweteka anthu n'chakuti ERRBO imateteza penshoni yokhayo imene mwapata m'zaka zimene mukuilipira. Mukayamba muli ndi zaka 55, zonse zimene munapata m'mbuyomo zidzadulidwabe. Ndipo mukalipira zaka zambiri kenako n'kugwirabe ntchito mpaka 67, mwalipira chinthu chimene simunachigwiritse ntchito mmene munafunira. Kwa wofuna kuleka pa 60 nayonso siikwanira.

Nachisale

Mlatho wa zaka za pakatizo umamangidwa ndi SIPP, AVC (thumba la penshoni loonjezera la kuntchito) kapena ISA. Penshoni ya thumba mumatha kuikhudza pa 55, ndipo kuyambira pa 6 April 2028 zikhala 57. Ubwino wake apa ndi wa msonkho: munthu amene waleka ntchito pa 60 ndipo alibe ndalama ina yolowa, atha kumatenga m'thumbamo mpaka £12,570 pachaka popanda msonkho, kuonjezapo gawo la 25% losadulidwa. Anapeza 20% polowetsa, sakulipira potulutsa. Apa ndiye wa 20% amapindula, kusiyana ndi samu ya aWamasamu ija imene msonkho umangobwerera.

Amene sanakwane zaka 40 aganizirenso Lifetime ISA. Mumaika mpaka £4,000 pachaka, boma limaonjezapo 25%, kutanthauza £1,000 pa £4,000, mpaka mutakwana zaka 50. Mumatenga pa 60 popanda msonkho, kapena pogula nyumba yoyamba kuno. Mukatenga pa chifukwa china amadula 25% ya zonse, ndiye mumatuluka ndi zochepa kuposa zimene munaika. Namwino wathu wa zaka 45 khomo limenelo linamutsekekera kale ngati sanatsegule akaunti asanafike 40.

Achimwene_aku_Luton

Tisanapite kutali, pali chinthu chotsika mtengo kuposa zonsezi chimene anthu obwera kuno atakula amaiwala. State Pension yathunthu imafuna zaka 35 za National Insurance, chopereka cha kuboma chimene timadulidwa pa malipiro, ndipo osakwana zaka 10 salandira kanthu. Chaka chimodzi chosowa mutha kuchigula ndi Class 3, National Insurance yolipira mwakufuna kwanu, mu 2025/26 mtengo wake unali £17.75 pasabata, pachaka £923. Chaka chimenecho chimaonjezera pafupifupi £342 pachaka ku penshoni yanu. Tisanawerengere msonkho, ndalama yabwerera zaka zitatu zisanathe. Yerekezani ndi zaka 14 zija.

Koma musalipire mwachimbulimbuli. Wobwera kuno ali ndi zaka 28 adzakwanitsa 35 pogwira ntchito basi, akagula wataya ndalama. Wobwera ali ndi 38, pofika 67 adzakhala ndi zaka 29 zokha, ameneyo mipata yake ndi ya mtengo wapatali. Kawirikawiri mumaloledwa kubwerera m'mbuyo zaka 6 zokha. Amene anali mu sikimu ya NHS April 2016 isanafike ankalipira National Insurance yotsika, ndiye ena mwa iwo amafunika zaka zopitirira 35. Tsegulani State Pension forecast pa tsamba la boma, kenako imbani ku Future Pension Centre akuuzeni ngati chaka chimene mukufuna kugula chionjezeradi kanthu.

Gogo_Nasimango

Achimwene, onjezeranipo kuti State Pension imauma mukasamukira ku Malawi. Kuno imakwezedwa April aliyense, koma wokhala ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa amalandira nambala yomweyo imene anachoka nayo, mpaka imfa. Pakatha zaka 20 mphamvu yake yogulira zinthu imakhala itafota kwambiri.

Wamasamu

Agogo mwafika pa mfundo imene imandichititsa kuti ndisaitaye Additional Pension kwa munthu wobwerera kumudzi. Penshoni ya NHS siuma. Imakwezedwa ndi CPI kulikonse kumene mukukhala, kaya ku Leeds kaya ku Ntcheu, ndipo yoonjezera ija imakwera nayo. Ndiye kwa wobwerera, NHS ndiyo ndalama yokhayo imene ikhale ikukula m'mapaundi. Tikumbuke kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 ndi 44% mu November 2023. Amene anasintha mapaundi ake n'kuwaika ku banki ya kwathu zimenezi zisanachitike anaona yekha mmene ndalama imasungunukira. £1,000 pachaka yotsimikizika, yolowa mwezi ndi mwezi m'mapaundi, kumudzi ndi chinthu chachikulu: mankhwala a shuga ndi BP, feteleza, wothandiza pakhomo.

Ambiri amati bola kumanga nyumba za lendi ku Area 25 kapena ku Machinjiri. Nyumba ndi chuma chabwino ndipo ana adzachipeza, sinditsutsa. Koma lendi imabwera m'makwacha, alendi amadumphitsa miyezi, denga limafuna kukonza, ndipo pa zaka 80 simungathamangitsane ndi anthu. Zinthu ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana, china sichilowa m'malo mwa chinzake.

Naphiri_Leeds

Nanga munthu akabwerera kumudzi asanamalize kulipira? Kapena atha kusamutsa ndalamazo kupita nazo ku kampani ya penshoni ya kwathu?

Mbewe_Payroll

Akasiya ntchito ali pakati pa mgwirizano, amamuwerengera gawo logwirizana ndi zimene walipira. Sataya, koma salandira yonse imene anafuna. Gawolo limadikira mpaka msinkhu wopumira likukwera ndi CPI.

Zosamutsa ndiye iwalani. Kuyambira April 2015, munthu amene wakwanitsa zaka ziwiri mu sikimu ngati ya NHS saloledwa kusamutsira penshoni yake ku penshoni ya thumba. Simungaitulutse kuti mugulire minibasi, kulipirira mwana ku yunivesite kapena kuyendetsera maliro. Potuluka pokha ndi pa tsiku lopuma, pamene mutha kusinthitsa gawo la penshoni ndi ndalama ya kamodzi yosadulidwa msonkho: mumataya £1 ya pachaka kuti mulandire £12. Onani bwino pamenepa. Ngati munagula £1 imeneyo pa £14 m'chitsanzo chija, n'kudzaigulitsa pa £12, mwadzibweza m'mbuyo, makamaka ngati ndinu wa 20%. Kugula Additional Pension ndi cholinga chodzaisandutsa ndalama ya kamodzi si nzeru.

Nachisale

N'chifukwa chake ine ndimati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wa viza, amene sanapeze ILR, chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale, asatsekere ndalama kumene sangaifikire. ILR yokha imadutsa £3,000 munthu mmodzi, banja la anthu anayi werengani nokha. Tikiti ya mwadzidzidzi yopita ku Lilongwe pa maliro siidikira. Ngongole ya kirediti kadi ya chiwongoladzanja chopitirira 20% imadya mofulumira kuposa mmene penshoni iliyonse ingakulire. Ndondomeko yake ikhale iyi: khalani mu sikimu yaikulu, thetsani ngongole zodula, sungani ndalama ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pamalo poti mutha kuitenga mawa, konzani mipata ya National Insurance. Zikatha izi mpamene tikambe za kugula yoonjezera.

Gogo_Nasimango

Ndi za imfanso tizikambe poyera, chifukwa ife timasamala anthu ambiri. Penshoni yaikulu ya 2015 imasiyira mkazi kapena mwamuna 33.75% ya penshoni yanu. Yoonjezera, ngati munasankha yokhudza banja, imasiya 37.5% ya imene munagula. Pa £1,000 ndi £375 pachaka. Ngati munasankha yanu nokha, imapita nanu kumanda. Amayi anu kumudzi salandira penshoni ya mwezi ndi mwezi mwanjira iliyonse. Ana amalandira akadali odalira inu, mpaka zaka 23. Pamene thumba la SIPP kapena ISA mumasiyira aliyense amene mwamulemba.

Samalaninso za mapepala a ukwati. Amene simunakwatirane mwalamulo, sikimu imafuna umboni wakuti mwakhala limodzi ngati banja zaka zosachepera ziwiri ndipo mumadalirana pa ndalama. Ngati bambo ali ku Zomba, mayi ali ku Leeds, ndipo palibe setifiketi ya ukwati, umboni umenewo udzavuta. Amene munachita chinkhoswe chokha, kalembetseni ukwatiwo mupeze pepala musanalipirire gawo la banja, kuopa kulipirira chinthu chimene mnzanu adzavutike kuchilandira ali pa chisoni.

Achimwene_aku_Luton

Ndibwerere ku Annual Allowance ndinaitchula ija, chifukwa imagwira ngakhale anamwino akalipira kamodzi. Malire ndi £60,000 pachaka kuyambira April 2023. Mu sikimu ngati iyi HMRC, ofesi ya msonkho, siwerengera ndalama imene mwapereka. Imatenga kukula kwa penshoni yanu ya pachaka n'kuchulukitsa ndi 16. £250 imawerengedwa ngati £4,000. Mukagula £3,000 kamodzi, imeneyo ndi £48,000. Onjezanipo £650 ya nthawi zonse ija, imene ndi £10,400, mwafika £58,400 tisanawerengere 1.5% ya zaka za m'mbuyo. Amene ali ndi zaka mu gawo la 1995 kapena 2008 ndipo akwezedwa bandi ya malipiro chaka chomwecho, penshoni yakaleyo imalumpha chifukwa imatsatira malipiro omaliza, ndiye malire adutsidwa mosavuta. Chopulumutsa ndi chakuti mumaloledwa kugwiritsa ntchito malire otsala a zaka zitatu za m'mbuyo. Pemphani pension savings statement ku NHS Pensions musanalipire, muone mpata umene muli nawo.

Msampha wina wa kulipira kamodzi ndi uwu. Podulidwa pa malipiro, msonkho umatsika wokha pa payslip. Mukalipira kuchokera ku ndalama yosunga, muyenera kukaitanitsa nokha ku HMRC, ndipo amangobweza pa ndalama imene munalipirapo msonkho chaka chimenecho. Wa £35,100 uja, atachotsa chopereka chake ndi £12,570, ndalama yodulidwa msonkho ndi pafupifupi £19,000. Akapereka £30,000 kamodzi, £11,000 yapamwambayo sipeza kubwezeredwa kulikonse, koma penshoni yake idzadulidwabe msonkho. Bola kuigawa pa zaka ziwiri za msonkho, ina March ina April ikadutsa pa 6.

Naphiri_Leeds

Ndiye pakati pa kamodzi ndi mwezi ndi mwezi, chabwino n'chiti?

Mbewe_Payroll

Mukaphatikiza zonse, mwezi ndi mwezi mumalipira zambiri kuposa kamodzi. Koma muli chitetezo mkati mwake. Pakadutsa miyezi 12 chilembetsereni, mukapumitsidwa ntchito chifukwa cha matenda, zotsala zija amazikhululuka ndipo mumapatsidwa penshoni yonse imene munalembetsa. Mukamwalira, a pabanja amawerengeredwa ngati munamaliza, ngati munasankha gawo la banja. Zikachitika miyezi 12 isanakwane, mgwirizano umathetsedwa ndipo ndalama zimabwezedwa. N'chifukwa chake pa fomu mumasainira za thanzi lanu, ndipo simulembetsa muli pa tchuthi cha matenda.

Kuipa kwake, mtengo wa pamwezi siwomangidwa mpaka kalekale. Akatswiri a boma owerengera za penshoni akasintha manambala awo, zimene mukudulidwa zitha kusintha pa zaka zotsalazo. Mu March 2023 boma linatsitsa chiwerengero chotchedwa SCAPE, chimene amawerengera nacho mtengo wa penshoni, kuchoka pa CPI ndi 2.4% kufika pa CPI ndi 1.7%, ndipo chikatsika chotero penshoni yogula imakwera mtengo. Wolipira kamodzi zimenezi sizimukhudzanso.

Kwa namwino wa £200 uja ine ndingati asamange yonse. Atenge gawo limodzi kapena awiri a £250 pa zaka 10, ndalama yotsalayo ipite ku ISA kapena SIPP ya mlatho. Akadzaona kuti zikuyenda, atha kutenga mgwirizano wina pamwamba, malinga asadutse malire.

Wamasamu

Ine ndikanakankhira kwambiri ku Additional Pension kuposa pamenepo ngati munthuyo anabwera kuno mochedwa ndipo penshoni yake yaikulu idzakhala yaing'ono. Wolowa pa 40 n'kuleka pa 60 ali ndi zaka 20 zokha. Koma wolowa pa 27 adzakhala kale ndi ndalama yotsimikizika yokwanira, chimene akusowa ndi ndalama yofikirika, ndiye ameneyo apite ku thumba. Poyezera pake ndi apa: lembani ndalama imene mudzafune pamwezi pa zinthu zosazembeka, chakudya, mankhwala, magetsi, madzi, wothandiza. Tsegulani Total Reward Statement yanu, sitetimenti ya malipiro ndi penshoni, kudzera pa ESR, tsamba la antchito a NHS, onani penshoni imene mwapata kale, onjezani 1/54 ya malipiro pa chaka chilichonse chotsala, chotsani kudula kwa kupuma msanga ndi msonkho. Ngati pali mpata pakati pa ziwirizi, mpata umenewo ndiwo mugule, osapitirira.

Nachisale

Ndipo amene anali mu sikimu pa 31 March 2012 kapena m'mbuyo mwake ndipo munapitirira nayo April 2015 itadutsa, nkhani ya McCloud, chigamulo cha khoti chokhudza kusamutsidwira ku sikimu ya 2015, ikukukhudzani. Zaka za pakati pa 1 April 2015 ndi 31 March 2022 mudzasankha popuma ngati ziwerengedwe mwa sikimu yakale kapena mwa ya 2015. Manambala a pa sitetimenti yanu atha kusintha chifukwa cha zimenezi, ndiye onetsetsani kuti mukuwerengera pa sitetimenti yokonzedwa kale. MoneyHelper, bungwe lothandizidwa ndi boma, amapereka uphungu waulere. Wina akakuyandikirani kuti ndi mlangizi wa za ndalama, makamaka wa m'magulu a WhatsApp wolonjeza kukutulutsirani penshoni msanga, yang'anani dzina lake pa kaundula wa FCA, bungwe loyang'anira alangizi a za ndalama, musanamupatse pepala lililonse.

Naphiri_Leeds

Kwa amene waganiza zogula, ayambire pati?

Mbewe_Payroll

Ayendetse kalikuleta kawiri, yake yekha ndi ya banja, komanso pa zaka zosiyana monga 5, 10 ndi 15, asindikize zotuluka. Adzaze fomu ya AP1 n'kuipereka kwa woona za penshoni ku trust yake, bungwe la NHS limene linamulemba ntchito, osati kuitumiza yekha, chifukwa bwana ali ndi gawo lake lodzaza. NHS Pensions ikavomera imatumiza kalata yonena mtengo ndi tsiku loyambira. Kalata imeneyo aisunge pamodzi ndi pasipoti, idzafunika zaka 20 zikubwerazi.

Mwezi woyamba ayang'ane payslip, payenera kuoneka mzere wapadera wa Additional Pension, wosiyana ndi chopereka cha nthawi zonse. Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi posintha trust: payroll yatsopano siidziwa za mgwirizanowo pokhapokha itauzidwa, kudula kumaima, ndipo pakapita miyezi munthu amapezeka ndi ngongole ya zotsalira kapena penshoni yochepa. Tsiku loyamba pa ntchito yatsopano apereke kope la kalata ija ku payroll. Wopita ku tchuthi cha uchembere kapena chosalipidwa afunse pasadakhale mmene kudulako kudzayendere malipiro akatsika, popeza ndalama ya pamwezi ya Additional Pension siitsika pamodzi ndi malipiro. Ndipo wosamukira kumudzi asanafike msinkhu wopumira alembetse adiresi yatsopano ndi imelo ku NHS Pensions, chifukwa penshoniyo siyamba yokha, mwini wake amayenera kuiitanitsa ndi fomu miyezi ingapo tsiku lisanakwane.